Kuwerenga fayilo ya mu foda yogawana pa netiweki ndi Python

Anthu ambiri amapunthwa apa: pulogalamu ikuwerenga bwinobwino fayilo ya pa Z: (chilembo choimira foda yogawana ya pa seva) mukaiyendetsa nokha, koma mukaiika mu Task Scheduler (chida cha Windows choyendetsa mapulogalamu pa nthawi yoikika) kuti iziyenda usiku popanda munthu, ikuti fayiloyo kulibe. Chifukwa chake n'chakuti Windows imamangirira chilembo ngati Z: kwa munthu amene walowa pa kompyutayo nthawi imeneyo. Pulogalamu yoyenda payokha sichiona chilembocho.

Choncho lembani adiresi yonse ya UNC, yoyamba ndi dzina la seva, kenako la foda yogawanayo:

njira = r"\\SEVA1\malipoti\malonda.csv"
with open(njira, encoding="utf-8-sig") as f:
    mizere = f.readlines()

Kachilembo r kali kutsogoloko musakaiwale. Popanda iko, Python imatenga \n ngati mzere watsopano, \t ngati tab, ndipo timizere tiwiri topendeka (\\) toyambirira tija timasanduka kamodzi, adiresi n'kusokonekera. Pomwe utf-8-sig imachotsa kachizindikiro kobisika kamene Excel imaika kumayambiriro kwa CSV UTF-8.

Zikakanika, musayambe n'kusintha pulogalamu. Tsegulani PowerShell (polembera malamulo a Windows) n'kulemba Test-NetConnection SEVA1 -Port 445. Mafoda ogawana amadutsa pa SMB, njira yotumizirana mafayilo pa netiweki, ndipo khomo (port) lake ndi 445. Likakhala lotsekedwa, onani firewall (chotchinga cha chitetezo pa netiweki) kapena VPN (njira yotetezedwa yolumikizira netiweki muli kutali). Kenako yesani net use \\SEVA1\malipoti. Lamuloli likalephera limaonetsa nambala ya vuto: 53 ikutanthauza kuti seva sikupezeka, 5 ndiye kuti mwakanizidwa kulowa, ndipo 1219 imabwera ngati mwalumikiza kale ku seva yomweyo ndi dzina lina. Chotsani kulumikiza kwakaleko poonjezera /delete ku lamulo la net use.

Nkhani ya chilolezo ndiyo imadya nthawi kwambiri. Zilolezo zilipo ziwiri, cha Share (cholowera pa netiweki) ndi cha NTFS (cha mafayilo pa disiki), ndipo chokhwimitsa kwambiri ndicho chimalamula. Dzifunseninso kuti pulogalamuyo ikuyenda m'dzina la ndani. Service (pulogalamu yoyenda yokha kuseri) yoyenda ngati LocalSystem, akaunti ya Windows yeniyeniyo, imafika pa seva ndi akaunti ya kompyutayo, ya dzina lothera ndi $, osati yanu. Chabwino n'kupanga akaunti yakeyake ya pulogalamuyo, yongololedwa kuwerenga basi. Pasiwedi musailembe mu kodi ayi.

Pa Linux adiresi ya UNC sigwira mwachindunji. Ikani cifs-utils, lumikizani fodayo ndi mount -t cifs //SEVA1/malipoti /mnt/malipoti, kenako werengani ngati foda wamba. Dzina ndi pasiwedi zikhale mu fayilo yapadera yotsekedwa ndi chmod 600.

Netiweki imaduka, ndipo nthawi zina mnzanu amakhala akulembabe fayiloyo pamene inu mukuiwerenga. Ikakhala yaikulu, ikopereni kaye pa kompyuta yanu ndi shutil.copy2, yerekezani kukula kwake mbali zonse ziwiri ndi os.path.getsize, kenako werengani kopeyo. Gwirani OSError (vuto limene Python imanena kuwerenga kukalephereka), dikirani masekondi 5, yesaninso mpaka katatu, ndipo zikakanikabe lembani mu log (fayilo yosungira zochitika) adiresi yonse pamodzi ndi dzina la akaunti yomwe inayesa kulowa.