Momwe mungayerekezere galimoto za ku Ulaya musanagule: mtengo, mafuta ndi utsi

Abale athu amene ali ku Britain, ngakhalenso amene amaitanitsa galimoto kumeneko poti chiwongolero chake chili kumanja ngati zakwathu kuno, nthawi zambiri maso awo amathera pa mtengo wolembedwa pa Auto Trader, tsamba la pa intaneti lotsatsa galimoto. Pansi pa mtengowo pamakhala manambala ena awiri, mpg ndi g/km, amene ambiri amangowadumpha. Koma ndi omwewo amene amanena ngati Volkswagen Golf, Peugeot 308 kapena Skoda Octavia yakutengani mtimayo idzakusungireni ndalama kapena idzakudyereni. Tengani pepala, lembani galimoto zitatu zokha, ndipo tiyende nazo motere.

Yambani ndi maulendo anu

Musanayang'ane galimoto, lembani makilomita amene mumayenda pa chaka komanso mtundu wa maulendowo. Wongozungulira m'tauni, kunyumba, kusukulu ya ana, kuntchito, asafanane maganizo ndi woyenda Lilongwe mpaka Blantyre mlungu uliwonse. Zonse zotsatirazi zitsamira pa nambala imeneyi.

Manambala a mafuta alankhule chinenero chimodzi

Ku Britain amalemba mpg, kutanthauza mamailosi amene galimoto imayenda ndi galoni imodzi, ndipo galoni yawo ndi malita 4.546. Ya ku America ndi malita 3.785, choncho musasakanize manambala ochokera pamasamba a mayiko awiriwa. Ku Germany ndi ku France amalemba malita amene galimoto imamwa pa makilomita 100. Pa mpg nambala ikakula ndiye bwino. Pa malita ikachepa ndiye bwino.

Kuti mupeze malita pa makilomita 100, gawani 282.5 ndi nambala ya mpg. Tiyerekeze kuti ya petulo yalembedwa 45 mpg, ya dizilo 60 mpg. Yoyamba imamwa malita 6.3, yachiwiri 4.7. Ngati mumayenda makilomita 12,000 pa chaka, kusiyana kwake ndi malita pafupifupi 190. Ngati ndi 30,000, kumafika malita 480. Chulukitsani ndi mtengo wa lita lero, wa pafilingi ya kwanuko kapena umene MERA yalengeza. Mukatero mudziwa zaka zimene zingadutse kuti ya dizilo, imene kawirikawiri imagulidwa modulirapo, ibweze ndalama yowonjezerayo.

Funsani kuti nambalayo inayezedwa bwanji

Apa m'pamene ambiri amapusitsika. Kale ku Ulaya ankayeza galimoto ndi njira yotchedwa NEDC, yoyendetsa galimoto mofatsa kwambiri m'chipinda choyezera, ndipo manambala ake ankakoma kuposa zimene dalaivala ankaona pamsewu. Kuyambira September 2017 pa mitundu yatsopano, ndi September 2018 pa galimoto zonse zatsopano, anabweretsa WLTP, imene imathamangitsa galimoto kwambiri komanso kwa nthawi yotalikirapo. Ndiye Golf ya 2015 ikhoza kuoneka ngati yosamwa mafuta kuposa ya 2020, pomwe chasintha ndi kayezedwe basi. Yerekezani NEDC ndi NEDC, WLTP ndi WLTP. Mukakakamizika kusakaniza, muziyesa kuti yakaleyo imamwa kuposa zimene yalembedwa, ndipo fufuzani zimene eni galimoto za mtunduwo amanena kuti amapeza tsiku ndi tsiku.

Samalaninso ndi zija zoyendera mafuta ndi batire lotchaja pakhoma. Manambala ake amaoneka odabwitsa chifukwa mayeso ake amawerengera kuti mukutchaja pafupipafupi. Ngati kwanu magetsi ndi ozimazima, kapena mumaimika galimoto mumsewu popanda potchajira, mudzakhala mukunyamula batire lolemera ndi mphamvu ya petulo.

Utsi uli pawiri

Nambala ya g/km, kutanthauza magalamu pa kilomita, ikunena za mpweya wa CO2, umene umatenthetsa dziko. Imayendera limodzi ndi mafuta: lita ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweyawu, ya dizilo pafupifupi 2.6. Galimoto zathu zachitsanzo zija, ya petulo ingakhale cha m'ma 145 g/km, ya dizilo cha m'ma 125.

Koma utsi umene umalowa m'chifuwa cha mwana woima m'mbali mwa msewu ndi wina. Umenewu ndi mwaye ndi mpweya wa NOx, ndipo umayezedwa ndi malamulo otchedwa Euro. Galimoto ya dizilo ya Euro 5 inkaloledwa kutulutsa NOx wokwana 180 mg pa kilomita; Euro 6, yomwe inakhudza galimoto zonse zatsopano kuyambira September 2015, inatsitsa malirewo kufika pa 80. Mwezi womwewo m'pamene boma la America linaulula kuti Volkswagen inaika m'galimoto zake za dizilo pulogalamu yozindikira nthawi ya mayeso n'kuchepetsa utsi panthawi yokhayo, ndipo kampaniyo inavomera kuti galimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse zinakhudzidwa. Ine ndimaona kuti aliyense wogula dizilo ya zaka zimenezo ayenera kuidziwa nkhaniyi, chifukwa utsiwo timapuma ndife tonse.

Kwa okhala ku England nkhaniyi imafikanso m'thumba. Mu London monse, kuyambira pa 29 August 2023, galimoto ya dizilo yosafika Euro 6 kapena ya petulo yosafika Euro 4 imalipira £12.50 tsiku lililonse ikayenda, pansi pa lamulo la ULEZ. Pakati pa mzinda wa Birmingham palinso chindapusa chotere. Dizilo ya 2013 yotchipa modabwitsa ija, chifukwa chake chingakhale chimenechi. Lowetsani nambala ya galimoto patsamba la Transport for London, likuuzani pompo.

Dizilo yamakono si ya aliyense

Galimoto za dizilo za kuyambira Euro 5 zili ndi sefa yogwira mwaye, yotchedwa DPF. Sefayi imadziyeretsa yokha injini ikatentha bwino paulendo wautali. Mukamangoyenda timaulendo ta mphindi khumi, imatsekeka, nyali ya chenjezo n'kuyaka, ndipo kuisintha ndi ndalama zambiri. Zambiri za Euro 6 zimafunanso madzi a AdBlue m'kathanki kake kapadera. Akatha, galimoto imakana kulira. Zinapangidwiranso dizilo wa ku Ulaya amene sulfure wake sapitirira 10 ppm, kutanthauza magawo 10 pa miliyoni. Ngati galimotoyo ikubwera kumudzi kuno, kambiranani kaye ndi makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto za mtunduwo. Kwa woyenda m'tauni, ine ndingalangize ya petulo ya injini yaing'ono, ngakhale papepala dizilo ikuoneka yopambana.

Tsopano phatikizani mtengo wonse

Amene muli ku Britain, onjezani msonkho wa pamsewu ndi inshuwalansi. Galimoto zolembetsedwa pakati pa March 2001 ndi March 2017 zimalipira msonkho molingana ndi CO2 wake, choncho ziwiri zooneka zofanana zikhoza kusiyana kwambiri. Inshuwalansi ili m'magulu 1 mpaka 50, ndipo BMW kapena Mercedes-Benz imakhala pamwamba kuposa Dacia Sandero kapena Renault Clio.

Amene mukuitanitsa, onjezani ya sitima mpaka padoko monga Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, yoifikitsa kumalire, ndi msonkho wa MRA, umene umatengera zinthu monga kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Pitani mukafunse chiwerengero musanatumize ndalama.

Musaiwale masipeya. Volkswagen Polo imapangidwanso ku Kariega ndipo Mercedes-Benz C-Class ku East London, m'dziko la South Africa, kotero zipangizo zambiri za mitundu imeneyi zimapezeka ku Johannesburg. Mtundu wosowa m'chigawo chino ukhoza kukhala pagalaja milungu yambiri kudikira kachitsulo kamodzi. Onaninso kutalika kwake kuchoka pansi, poti zambiri za ku Ulaya n'zotsika ndipo misewu yathu ya maenje ndi mabampu siizikomera mtima.

Tsimikizani mbiri yake

Mukatsala ndi imodzi, lowetsani nambala yake patsamba la boma la gov.uk pomwe pali mbiri ya MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. N'zaulere. Muona mamailosi a chaka ndi chaka, zimene inalephera, kuphatikizapo za utsi ndi dzimbiri. Mamailosi akatsika m'malo mokwera, isiyeni. Kenako pemphani wogulitsa chithunzi cha V5C, chikalata cholembetsera galimotoyo ku boma, muone ngati nambala ya chasisi, kukula kwa injini ndi CO2 zikugwirizana ndi zimene analemba potsatsa.