Mmene ndinakonzera `[ -n $FODA ]` yomwe inkavomera chilichonse

Skripiti yosunga mafayilo pa seva yathu inali ndi mzere uwu: `if [ -n $FODA ]; then`. FODA ndi variable (dzina losungiramo mawu) yosunga dzina la foda, ndipo `-n` imaona ngati mawuwo ali ndi zilembo. Cholinga chinali choti isayambe kukopera ngati FODA ilibe kanthu. Koma inkangopitirira, n'kumaponya mafayilo pamalo olakwika.

Ndinayendetsa skripitiyo ndi `sh -x` kuti ndione zomwe zikuchitika mzere ndi mzere. FODA ikakhala yopanda kanthu, shell (pulogalamu yomwe imayendetsa skripiti) imaichotseratu, ndipo chotsala chimakhala `[ -n ]` basi. Vuto linali pamenepo. Chizindikiro cha `[` ndi lamulo lenileni, dzina lina la `test`, ndipo likapatsidwa liwu limodzi lokha limangoona ngati liwulo lili ndi zilembo. `-n` ali nazo ziwiri. Choncho limabweza 0, kutanthauza kuti ndi zoona.

Ndinatsekera FODA m'zizindikiro zogwira mawu kuti shell isaichotse ngakhale ilibe kanthu: `[ -n "$FODA" ]`. Nditayesanso, `echo $?`, yomwe imaonetsa nambala yomwe lamulo lomaliza labweza, inaonetsa 1, kutanthauza kuti si zoona, monga zimayenera kukhalira.

`[[ ]]` ya shell yotchedwa bash ikanathetsanso vutoli, koma ndinaisiya dala. Skripitiyi imayamba ndi `#!/bin/sh`, mzere wonena kuti iyendetsedwe ndi sh, ndipo pa Ubuntu kuyambira 2006 sh ameneyu ndi shell ina yotchedwa dash, yemwe `[[` samudziwa n'komwe.