Dziwe la koi likaundana pamwamba

Kuno ku Scotland, mu Januwale dziwe langa la nsomba za koi linkaundana pamwamba ponse. Choopsa si kuzizira kokha ayi: masamba owolera pansi amatulutsa mpweya woipa, ndipo madzi oundanawo amautsekera mkati.

Ndinavuula masamba ndi ukonde chisanu chisanafike. Kenako ndinaika pampu ya mpweya, koma mwala wotulutsa thovu ndinaupachika masentimita 30 kuchokera pamwamba, osati pansi. Pansipo pamakhala madzi ofundirako, pafupifupi madigiri 4, pomwe nsomba zimabisala, mukawavundula zimazizidwa. Thovulo limasiya kabowo kotseguka pa madzi oundana, potulukira mpweya woipa uja.

Musamaswe madzi oundana ndi hamala, kugundako kumavulaza nsomba. Khazikanipo poto wa madzi otentha mpaka pabooke. Madzi akazizira kufika madigiri 10, ndimaleka kuzidyetsa chifukwa sizigayanso bwino chakudya.