Ku Cape Town woswa galasi ndi wamng'ono, chenjerani ndi wogwira mapepala anu

Achimwene ndi achemwali amene mukumanga katundu wa ku Cape Town, ndi inu muli ku Joni koma mtima wayamba kulakalaka kunyanja, chibwerereni changa kuno ku Blantyre mwakhala mukundifunsa chimodzimodzi: kodi n'zoona kuti kumeneko amaswa magalasi a galimoto? N'zoona. Amaswa usiku, amaswa dzuwa likuswa mtengo, amaswa ku Sea Point kwa olemera, amaswanso ku Parow ndi ku Wynberg komwe ambiri a ife timachita lendi. Koma galasi limagulidwa, tsiku lomwelo amakuikirani lina. Chimene chinandibweza ine ku Chilomoni chimanjamanja ndi mapepala.

Za ulendo sinditayapo nthawi. Basi mukwera pa Wenela, mudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mutsika pa Park Station, kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 1,400 mumsewu wa N1. Paboda amapereka masiku osapitirira 30, ndipo wopitiriza masikuwo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5. Zimenezi mukuzidziwa kale, kungoti mumadzigonthetsa dala.

Nzeru za ku Limbe muzisiye ku Limbe. Kuno wakuba akagwira batire kapena galasi loonera kumbuyo, mumangokuwa kuti "Wakubaaa!" mavenda onse n'kusiya malonda kuyamba liwiro. Uko alamu imalira mpaka kutopa, anthu akungodutsa ndi agalu awo osacheuka n'komwe. Ndipo nthawi zambiri wakubayo safuna galimoto yanu. Ndi mnyamata wosuta tik, mankhwala ozunguza bongo, amene akufuna chilichonse chogulitsika msanga: foni, chaja, jekete, ngakhale timakobiri ta R2 mwasiya pafupi ndi giya. Chikwama chopanda kanthu chimaswetsa galasi, chifukwa iye amadziwa kuti mulibe kanthu ataswa kale.

Ndiye m'galimoto musamaoneke kanthu. Ndati kanthu. Katundu mulowetse mubuti musanafike pomwe mukukaima. Kutsegula buti pamalo oimika magalimoto, n'kulongedzamo laputopu anthu akuona, kenako n'kunyamuka mukuimba mluzu, kumeneko n'kuwaitana. Malo oipitsitsa ndi omwe aliyense akudziwa kuti muchedwa kubwera: kugombe la Muizenberg, Camps Bay ndi Strand, komanso m'munsi mwa Lion's Head ndi pa Signal Hill pomwe anthu amasiya magalimoto n'kukwera phiri. Ndipo inu obisa kiyi pamwamba pa tayala popita kukasamba m'nyanja, mukuganiza kuti nzeru imeneyo mwayamba ndinu?

Palinso ena osaswa galasi. Amaima chapatali ndi rimoti ya pageti, inu mukamadina yanu kuti mukiye, iwo amadinanso yawo, chitseko osakiyika. Mumalowa mushopu mtima uli m'malo, iwo akutsegula ngati galimoto ya bambo awo. Mukakiya, kokani chitseko ndi dzanja. Tsiku lililonse, paliponse. Choipa china n'choti makampani ambiri a inshulansi amavuta kulipira katundu wobedwa ngati palibe chizindikiro choti wina anathyola.

Anyamata olondera magalimoto m'misewu, ovala mabibu owala aja, ambiri ndi obwera ngati ife tomwe, a ku Congo ndi ena akwathu. Apatseni moni, ayang'aneni kumaso, pobwera muwapatse R5 kapena R10. Sikuti galimoto ndiye yatetezeka ayi, koma amene mwamulonjera amaiponyera diso, pomwe amene mwamunyoza amayang'ana kumbali. Pamaloboti tsekani magalasi, foni isakhale pamiyendo, chikwama cha amayi chikhale pansi kuseri kwa miyendo, makamaka mu Jakes Gerwel Drive ndi mbali ya N2 yoyandikira bwalo la ndege. Pa N2 usiku musaime chifukwa choti mwamva mwala wagunda galimoto. Pitirirani mpaka pamalo omwetsera mafuta. Musamangomveranso foni ikamakulozerani njira yachidule. Mu 2023 a Google Maps anachita kusiya kulondolera anthu njira yodutsa ku Nyanga pochoka ku bwalo la ndege chifukwa cha alendo amene ankachitidwa chipongwe kumeneko.

Tsopano za mapepala, khalani pansi.

Ine ntchito yanga ndi ya mapaipi. Nditasonkhanitsa kangachepe ka m'maganyu ndinagula pikapu yakale, kuti ndisiye kunyamula zitsulo musitima. Kumpingo kwathu kunali mkulu wina, Mmalawi mnzathu, wa suti yosita bwino, amene aliyense ankamutchula kuti ejenti. Mawu ake anali amodzi: "Achimwene, siyirani ine, maofesi a kuno ndimawadziwa." Anati kuti galimoto ilembedwe m'dzina langa zitenga miyezi, ndiye ayambe wailemba m'dzina la mlamu wake yemwe anali nzika, tidzasintha pambuyo. Anatinso andipezera inshulansi yotsika mtengo yoteteza galimoto ndi zitsulo zomwe. Anandibweretsera pepala lokongola, la chizindikiro cha kampani pamwamba, dzina langa lili pamenepo. Kutha kwa mwezi uliwonse ndinkamupatsira ndalama kumanja tikatuluka m'tchalitchi, iye n'kundigwira paphewa, kundifunsa za amayi kumudzi.

Tsiku lake ndinali pantchito m'nyumba ina chakufupi ndi gombe, pikapu ili panja pageti. Potuluka kukatenga gilayinda ndinapeza galasi la kanope lili zidutswazidutswa pamsewu, tating'onoting'ono tobiriwira, tina titagwera m'ngalande. Gilayinda, dililo, makina owotcherera, bokosi lonse la masipanala, zonse zitapita. Anangondisiyira ndowa ya penti youma ndi nsapato imodzi ya jombo.

Kupolisi ina, yomwe sinditchula, ndinakhala pabenchi kuyambira masana mpaka kunja kutachita mdima. Itafika nthawi yanga, wapolisiyo sanayambe ndi kufunsa chomwe chabedwa. Anayamba ndi pasipoti, kuitembenuza tsamba ndi tsamba, kuyang'ana pemiti, kundiyang'ana ine, kuyang'ananso pemiti. Mwayi wanga inali isanathe. Kenako anafunsa mwini galimoto. Ndinati ndine. Anayang'ana pakompyuta n'kunena dzina la munthu amene sindinamuonepo chibadwire. Kuyambira pamenepo wofunsidwa mafunso ndinasanduka ineyo: galimotoyi mwaitenga kuti, mwiniyo ali kuti, akudziwa kuti muli nayo? Sitetimenti analemba monyinyirika, nambala ya mlandu inabwera pafoni m'mawa mwake, ndipo uthenga umenewo ndi womaliza umene ndinalandira pa nkhaniyo.

Ndi nambalayo ndinaimbira kampani ya inshulansi. Mayi woyankha foni anali waulemu wake, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka kwambiri. Anati inshulansiyo inalipodi, koma inalipiridwa mwezi woyamba wokha, kenako inafa. Anatinso ngakhale ikanakhala yamoyo sakanalipira, chifukwa inalembedwa kuti galimotoyo ndi yongoyendera, yosagwirira ntchito, imagona m'galaja yokiya kudera lina lomwe ine sindinakhaleko, ndipo za zitsulo munalibemo ngakhale mzere umodzi. Ejenti uja anangolipira kamodzi kuti pepala lituluke, zotsalazo ankadya.

Ndinamupeza Lamulungu. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati, "Achimwene, zinthu za kuno n'zovuta, tiyeni tiziike m'mapemphero." Nditakweza mawu, akuluakulu a mpingo anandikokera pambali kuti tisachititsane manyazi pamaso pa eni dziko, nkhani ya pachibale ithere pachibale. Sinathe. Nditati ndingogulitsa pikapuyo kuti ndigule zitsulo zina, mlamu uja, mwini wake wa papepala, anati sasaina popanda kumuganizira. Ndinamuganizira ndi gawo lalikulu la mtengo wake. Pulambala wopanda zitsulo ndi munthu wongoyenda, makasitomala anapeza ena, lendi inandithamangitsa. Mpaka lero ndikamva munthu akuti "siyirani ine" m'mimba mumanditentha.

Pomwe njira yake yeniyeni ndi yaifupi. Mlendo amene akufuna kulembetsa galimoto amatenga Traffic Register Number ku ofesi ya zamagalimoto, atanyamula pasipoti, pemiti yamoyo, zithunzi ndi umboni wa komwe akukhala. Mukagula galimoto muli ndi masiku 21 oti muisinthire m'dzina lanu, ndipo disiki ya pagalasi imasinthidwa chaka ndi chaka. Mzere ndi wautali, inde. Imani. Ngati mapepala anu sakukulolani kulembetsa galimoto, ndiye kuti nthawi yogula galimoto sinakwane, kwerani mabasi a MyCiTi, a Golden Arrow kapena sitima. Galimoto ya m'dzina la wina ndi ya winayo, kaya mumapemphera limodzi, kaya munachokera mudzi umodzi ku Thyolo.

Za inshulansi musafanizire ndi kuno. Ku Malawi lamulo limakakamiza aliyense kukhala nayo, wapolisi wa pamsewu amayang'ana pagalasi. Ku South Africa palibe lamulo lotero. Thumba la Road Accident Fund, lomwe ndalama zake zimadulidwa pa mafuta, limathandiza anthu ovulala pangozi ndi mabanja a omwalira basi, galimoto yanu ndi katundu wanu sizilikhudza. Ndiye palibe amene adzakuimitseni pamsewu n'kukuuzani kuti pepala lanu ndi lakufa. Muziimbira kampaniyo nokha, ndalama izichoka ku akaunti yanu ya kubanki, ndipo muziona kuti yachokadi. Wogulitsa inshulansi aliyense wovomerezeka amakhala ndi nambala ya FSP yochokera ku bungwe la FSCA. Mufunseni nambalayo. Akayamba kuseka kuti "Aaa achimwene, simukundikhulupirira?" nyamukani. Nenani zoona za komwe galimoto imagona ndi ntchito imene imagwira, ngakhale mtengo ukwere. Zitsulo zantchito zimalembetsedwa pazokha, chimodzichimodzi, ndi manambala ake. Funsaninso ndalama imene mudzayambe mwalipira nokha iwo asanaikepo yawo, chifukwa nthawi zina imaposa mtengo wa galasilo.

Nanga eni dera amatiwona bwanji? Musayembekezere "pepani". Mayi wachizungu amene ndinkamugwirira ntchito tsiku lija atatuluka n'kuona magalasi pansi, mawu ake oyamba anali akuti, "Unasiyamo chiyani?" Anabweretsa tsache, n'kundiuza komwe amaika magalasi motchipa. Poyamba ndinaona ngati nkhanza, koma kumeneko aliyense zinamuchitikirapo, ndiye amaziona ngati mvula ya mu Julayi, yomwe uko ndi yosadabwitsa. Anthu a ku Cape Town amamwetulira, amakuuzani kuti tsiku lina mudzabwere tidzawotche nyama, koma tsikulo salitchula. Musadandaule, ngakhale ochokera ku Johannesburg amadandaula zomwezo. Mnzanu weniweni mumupeza kuntchito kapena kumpira, ndipo zimatenga nthawi.

Mudzamvanso mabwana akutitama kuti Amalawi ndi okhulupirika, olimbikira, osayankha mwano. Musakondwe nazo kwambiri. Ena amatanthauza kuti timalandira zochepa osadandaula, ndipo mawu omwewo amawamvanso Mxhosa amene akusaka ntchito ya m'dimba yomweyo. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndipo moto wake unafika mpaka kukomboni ya Dunoon ku Cape Town. Mu Epulo 2015 zinayambira ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu. Masiku ambiri kumakhala bata, anthu amakhalitsana bwinobwino ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu ndi ku Capricorn. Koma mlendo akagula galimoto mukomboni, maso amachuluka. Phunzirani kunena "molo" ndi "enkosi", moni ndi zikomo wa Chixhosa, mudziwane ndi a komiti ya mumsewu wanu, mnansi akadwala usiku mutengereni kuchipatala. Mukatchulidwa kuti kwerekwere, dzina lonyozera obwera, mezani malovu muzipita. Ndipo zokweza wailesi mpaka kumapeto Loweruka usiku, magalasi ali otsitsa, kuti onse adziwe kuti mwagula, chonde siyani.

Ngati zakuchitikirani, jambulani zithunzi musanasese, pitani kupolisi tsiku lomwelo, musachoke osalembetsa mlandu. Nambala ya polisi ndi 10111, pafoni ya m'manja 112 imagwiranso. Amene masiku anu anatha kalekale, mukudziwa nokha kuti pakhomo limenelo simungapondepo, ndipo akuba a m'dera lanu akudziwanso zimenezo.

Inu amaluso, amatabwa, owotcherera, a mapaipi anzanga, zitsulo zisagone m'galimoto. Ndikudziwa kutopa kwake, kufika usiku n'kuyamba kukweza bokosi lolemera pamasitepe a fulati mphepo ya kum'mwera ikukukankhani. Kwezani. Masana pantchito pemphani bwana mulowetse galimoto mkati mwa geti, akakana tsitsani zonse mulowe nazo. Ndipo wina akakupatsani nambala ya ejenti wa suti pagulu la WhatsApp la anthu akwathu, musandiimbire kufunsa ngati ali yemweyo. Alipo ambiri, ndipo mayuniti anga ndi ogula.