Momwe mungagawire holide pakati pa kampu ya ana ndi nthawi ya banja

Sukulu zikamatseka mu Julayi magulu a WhatsApp a kutchalitchi amadzadza ndi za kampu, ya Sunday school, ya achinyamata, a sekondale ali ndi misonkhano ya SCOM, a Seventh Day ali ndi ma Pathfinder awo, ndipo mwana akangomva kuti anzake akupita basi m'nyumba simugonanso. Chonsecho inu mwakhala mukusunga tindalama kuti chaka chino mukaoneko nyanja ngati banja, agogo nawonso akungoflasha kufunsa kuti zidzukulu zibwera liti. Ine ndazichita katatu ndi ana anga awiri, mtsikana wa zaka 13 ndi mlongo wake wa zaka 8, ulendo woyamba zinavuta zedi, ndiye ndikuuzeni mmene timachitira pano.

1. Yambani ndi masiku a kampu, osati anu

Masiku a kampu sasunthika, anu ndi amene mungawakoke. Funsani atsogoleri tsiku lofika ndi tsiku lotenga ana, komanso ola lake, chifukwa "Lachisanu" kwa ena ndi m'mawa kwa ena ndi mapemphero otsekera akatha cha m'ma 3 koloko. Mukadziwa ndiye kapempheni livu. Lamulo la ntchito kwathu kuno limapereka masiku 15 pa chaka ngati mumagwira masiku asanu pa sabata, 18 ngati mumagwira asanu ndi limodzi, si ambiri ayi makamaka ngati ena munadya kale pa maliro ndi zinkhoswe. Ndiye musawononge livu pa sabata imene ana ali ku kampu, pitani ku ntchito, livu iyambe tsiku lokawatenga.

2. Dziwani amene mukumupatsa mwana ndi ndalama

Ngati ndi kampu ya mpingo wanu palibe vuto, anthu mukuwadziwa. Koma awa oika positala yokongola pa Facebook eti holiday camp kunyanja tumizani dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yake dzina likutuluka la munthu wina osati la bungwe, chenjerani nawo. Mnzanga wa ku ntchito anatumiza, tsiku lonyamuka nambala sikupezeka. Funsani malo enieni, akuluakulu ogona ndi ana ndi angati, atsikana agona ndi ndani, chipatala chapafupi ndi chiti, ndipo lisiti mutenge. Za katundu mukudziwa kale, neti, ndowa, mbale ndi kapu, tochi. Juzi ndi bulangete gulani pa kaunjika, Julayi kumazizira olo kunyanja, ku Mulanje kapena Dedza ndiye musanene. Lembani dzina ndi maka pa chilichonse, ngakhale pa ndowa. Matochi otchipa a m'misika aja amafa usiku woyamba, bola mumubwereke wanu wa magetsi akazima uja.

3. Musakagone pafupi ndi kampu

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ine. Chaka choyamba kampu inali cha ku Salima, ine ndinaona ngati ndachenjera, ndinati tibuke malo ku Senga Bay sabata yomweyo, ana akhale ku kampu masana ife tizipita madzulo kukawaona, zonse zitheka nthawi imodzi. Bambo awo anakana koma ndinakakamira. Tinanyamuka pa M14 tonse osangalala, tinawasiya pa geti Lolemba palibe analira.

Lachiwiri madzulo tinafika ndi chipisi m'jumbo ndi Fanta. Wamng'ono uja tinamupeza ali pa mzere wa nsima, mbale m'manja, akuseka ndi anzake, miyendo mbuu fumbi. Atangotiona mbale pansi, kulira, kundigwira chitenje osasiya, eti akufuna azipita nafe. Mwana amene anali bwinobwino mphindi ziwiri zapitazo. Anzake ena awiri ataona nawonso anayamba kulira kufuna amayi awo amene anali ku Lilongwe. Mtsikana uja anangobwera n'kunena chapansipansi kuti "Amami, mwabweranso kudzatani, mukundichititsa manyazi," n'kubwerera kwa anzake chipisi osatenga.

Mayi wina wotsogolera anandiitanira pambali, mwaulemu ndithu, anati mayi mwana amazolowera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, mukabwera mumamubwezera poyambira. Ine ndinamva koma Lachitatu ndinapitanso, mtima wa kholo. Tinabwerako naye. Ndiye taonani zotsatira zake, ndalama ya kampu yapita, mwana ali nafe pa loji koma akungonyinyirika kuti anzake akusewera mpira, mkulu wake kulibe ndiye si banja lonse, ife tikulipira chipinda masiku asanu kudikira Lachisanu. Pamene mtsikana ankatuluka ndalama zinali zitatha, livu yatsala tsiku limodzi, nyanja anangoiona pa windo la galimoto.

Pano timachita chonchi. Tikawasiya tawasiya. Foni sindiwapatsa, ndimatenga nambala ya mtsogoleri mmodzi, ndimatumiza meseji kamodzi pakati pa sabata basi, akati ali bwino ndimakhulupirira. Wamng'ono ndimamuuziratu kunyumba kuti Lachisanu ndi ine woyamba pa geti, ndipo ndimayesetsa kukhaladi woyamba, chifukwa mwana wotsala yekha ndi chikwama anzake onse atatengedwa saiwala msanga. Ngati mukuona kuti wanu sangathe masiku asanu, makamaka osakwana zaka 8, musamukakamize, apite chaka chamawa.

4. Tsiku limodzi lopanda pulogalamu

Ana akatuluka ku kampu amakhala otopa, mawu atasasa ndi kuimba, zovala zonse zakuda, ena chimfine. Musawatenge pa geti n'kulunjika pa boti kapena kwa agogo. Tsiku loyamba ndi logona, kuchapa ndi kudya. Pa nthawi ya chakudya musawapanikize ndi mafunso, nkhani zimatuluka zokha, mumva nyimbo imodzi yomweyo mpaka mutu kuwawa koma pamenepo ndi pamene mumamva zonse, amene anaba sopo wa mnzake, amene anakodza pogona. Mwana akatentha thupi sabata imeneyo kapena yotsatira kayezetseni malungo msanga, neti ku kampu amamanga tsiku loyamba lokha.

5. Masiku a banja

Atatu amakwana, ife timabuka oyambira tsiku lotenga ana. Malo ogona musalipire zonse musanaone, zithunzi za pa intaneti zina ndi za kalekale, pemphani vidiyo ya lero ya bafa. Mitengo chigwereni Kwacha mu Novembala 2023 siikhazikika, funsaninso sabata yonyamuka. Malo ololeza kuphika nokha amapulumutsa, tengani ufa, mpunga ndi mbaula, nsomba mugule m'mawa kwa asodzi ndipo munenerere, akaona galimoto mtengo umakwera pomwepo.

Mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi, makolo chimodzi. Kwathu mnyamata anasankha Kuti Wildlife Reserve kukaona mbidzi, mtsikana anasankha kungokhala pa mchenga. Anzawo a ku kampu akayamba kuimba pa foni yanu auzeni adikire, foni zonse m'chikwama nthawi ya chakudya, yanunso. Miyezi imeneyi mwera umawomba, mafunde akakula osakwera boti olo mwini boti anene kuti palibe vuto, ndipo opanda ma life jacket musiyeni. Mukasambira m'nyanja kumbukirani za likodzo, pakapita masabata angapo kafunseni ku chipatala.

6. Agogo

Apatseni wikendi yomaliza sukulu zisanatsegule mu Seputembala, koma yunifomu ndi makope mugule kaye musananyamuke. Auzenitu tsiku kuti asaphe nkhuku pachabe, shuga, sopo ndi mchere musaiwale.