Kulemba pa sikirini mu C: 0xB800 kapena ncurses?

Anzanga amene mukuphunzira C, pali njira ziwiri zoikira zilembo pamalo enieni amene mukufuna pa sikirini, ndipo ine ndimati muyese zonse koma mudziwe iliyonse ntchito yake.

Yoyamba ndi yakale ija ya DOS, lero mutha kuiyesa mu DOSBox (pulogalamu yoyendetsa za DOS pa kompyuta ya lero) ndi kompaila ya Turbo C. Pa IBM PC ya 1981 yokhala ndi kadi ya sikirini ya CGA, sikirini ya zilembo ndi memory basi, imayambira pa segment 0xB800, pomwe kadi ya MDA yopanda mitundu ili pa 0xB000. Mizere ilipo 25, mzere uliwonse malo 80, ndipo malo amodzi amadya ma byte awiri, loyamba chilembo lachiwiri mtundu, onse pamodzi ma byte 4000. Pangani far pointer (pointer yofikira segment ina ya memory) ndi MK_FP(0xB800, 0) ya mu dos.h, kenako malo anu muwapeze powerengera (mzere * 80 + kolamu) * 2. Ikani 'A' pamenepo, pa byte yotsatira ikani 0x1F, mungoona A woyera pa buluu watulukira pompopompo, osadutsa pa printf kapena int 10h ya BIOS yomwe inali yochedwa. Samalani ndi 2 uja, mukamuiwala zilembo zina zimagwera pa malo a mtundu ndiye sikirini imangoti mbuu timabokosi tamitundumitundu tina tikuphethira, chifukwa bit yapamwamba ya mtundu (bit 7) ndi yophethiritsa.

Zimakoma kwambiri chifukwa ukuona ndi maso ako kuti chilembo ndi nambala yokhala mu memory. Koma khodi imeneyo mukaipititsa pa Linux siigwira, opareting'i sisitimu salola pulogalamu wamba kukhudza memory ya sikirini, ndiye ganiziraninso munthu amene walowa pa seva ndi SSH, sikirini yake ili pa kompyuta ina kutali uko, adilesi ija ilibe nayo ntchito.

Apa ndi pomwe njira yachiwiri imabwera, curses, laibulale yolembera pa teminolo. Anailemba Ken Arnold ku Berkeley, gemu ya Rogue inkayendera yomweyi, ndipo imene timagwiritsa ntchito lero ndi ncurses, pa Windows pali PDCurses. Pa Ubuntu ikani libncurses-dev, muyambe ndi initscr(), lembani ndi mvprintw(5, 10, "Moni"), itanani refresh(), dikirani batani ndi getch(), pomaliza endwin(), ndipo pokompaila musaiwale -lncurses. Onani kuti mzere ndi umene umayamba kenako kolamu, ambiri amatembenuza. Komanso endwin() mukaisiya teminolo imatsala yosokonekera moti zimene mukutaipa sizioneka, zikatero ingolembani reset.

Chimene chimandisangalatsa ndichakuti ncurses nayonso imasunga sikirini yake mu memory, mumalemba mmenemo ngati pa 0xB800 pomwe paja, ndiye refresh() ikafika imayerekeza zatsopano ndi zimene zili kale pa teminolo nkutumiza zosintha zokhazo, ma escape code oyenera (malamulo amene teminolo imamva) imawatenga mu terminfo, nkhokwe ya zambiri za mateminolo, potengera TERM, dzina la mtundu wa teminolo yanu. Netiweki ikakhala yofooka izi zimathandiza zedi.

Ndiye pangani chonchi, mu pulogalamu yanu mukhale fankishoni imodzi yokha yolemba pa sikirini, mwachitsanzo ika(mzere, kolamu, chilembo, mtundu), china chilichonse chiziitana yomweyo. Muilembe kawiri, ina ya DOS yokhala ndi pointer ija, ina ya ncurses yoitana mvaddch() ndi COLOR_PAIR(), bola start_color() ndi init_pair() mwaziitana kale poyamba. Ndipo 80 ndi 25 musazikhomere mu khodi ya ncurses, gwiritsani COLS ndi LINES chifukwa windo la teminolo munthu amalikulitsa mmene wafunira.