Vinyo wa Cinsault ndi ndiwo zathu zomwezi

Abale anga a kuno ku Joni, ambiri mukamva za vinyo wofiira mumaganiza za uja womanga kukamwa ngati nthochi yosapsa ndiye mumangothawira ku Castle basi. Ine ndagwirapo uweta zaka zingapo pa lesitilanti ina ku Rosebank, ndiye ndikuuzeni za Cinsault, pomutchula mumati "sanso".

Mphesa zopangira vinyo ameneyu kwawo ndi kummwera kwa France, cha ku Languedoc ndi Provence m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, zimapirira dzuwa ndi ng'amba nchifukwa chake zinakhazikika ku Morocco, ku Lebanon mpaka ku Western Cape kuno. Kale azungu akuno ankazitchula Hermitage, ndipo mu 1925 katswiri wa za mphesa Abraham Perold wa ku Stellenbosch anazikwatitsa ndi mphesa zina zotchedwa Pinot Noir nkubadwa Pinotage amene mumamuona paliponse uja.

Pogula yang'anani pa botolo, ena amalemba Cinsault ena Cinsaut, ndi yemweyo. Wa ku Swartland, dera la ku Western Cape, ndi amene ine ndimamukonda. Mukafika kuden musamutsegule pompo ayi, muikeni mu filiji mphindi 20 kapena 30, azizire pang'ono chabe osati ngati Fanta. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amamwa wotentha wa mu December kenako nkumati vinyo ndi woipa. Ndi wopepuka, amanunkhira ngati sitiroberi, ndiye akazizira amakoma zedi.

Tsopano ndiwo. Nkhuku yowotcha pa makala ndi nambala wani, boerewors ndi chakalaka chimodzimodzi. Koma chimene chinandidabwitsa ine ndi nyemba, nyemba zathu zomwezi za tomato ndi anyezi zophikidwa mpaka msuzi walemera, ndi nsima yotentha, aaa mpaka lero ndimaphika Lamlungu lililonse chifukwa kakuwawasa ka tomato kamagwirizana ndi ka vinyoyu ndipo palibe chophimba chinzake. Nsomba yokazinga imayendanso, amene mwalandira chambo kuchokera kumudzi yesani.

Tsabola chepetsani, Nali kapena kambuzi akachuluka mowa umawonjezera moto mkamwa simumvanso kanthu. Usipa wouma ndi therere ine ndinayesa, sizinayende. Nyama ya ng'ombe yamafuta imamuposa mphamvu, pamenepo tengani Shiraz, vinyo wofiira wamphamvu.

Akatsala tsekani bwino mubwezere mu filiji, mumalize pasanathe masiku atatu.